Pochita sewero la zaumoyo, mayi wa m'sewero asadziwe zonse

Inu amene mwakhalapo pa maphunziro a mavolontiya a zaumoyo, kaya pachipatala cha Santhe kapena pansi pa mtengo wa sikelo kumudzi, mukudziwa kuti tsiku silitha popanda sewero. Wina amamanga chitenje n'kubereka chidole, ameneyo ndiye mayi. Wina amatenga kope ndi cholembera, ndiye mlangizi. Mlangizi asanakhazikike n'komwe pampando, mayi uja wayamba kale: "Mwanayu watentha thupi masiku awiri, akusanza chilichonse, akukana bere, komanso sitigona m'neti." Anthu m'manja phwaphwaphwa. Koma ndi mayi uti amene anabwerapo kwa inu n'kuyala zizindikiro mwandondomeko chotere, ngati akuwerenga patchati?

Chachitika n'chakuti wosewerayo waphunzira zizindikiro zoopsa m'mawa womwewo, ndipo zimene akudziwa iye zatulukira m'kamwa mwa mayi wa m'sewero. Mlangizi sanafunse kanthu. Watuluka m'maphunziro asanayesere kufunsa, pomwe kumudzi ntchito yake yaikulu ndi yomweyo.

Pali anthu amene vutoli analiikira malamulo kalekale, ndipo si achipatala. Mu 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons. Anthu angapo amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kukhala munthu wa m'nthano, wina msilikali, wina sing'anga, wina mlenje. Mmodzi ndiye amayendetsa nthanoyo, ndipo mapepala ake amawabisa kuseri kwa kachikatoni kuti anzake asaone za kutsogolo. Pa bawo nkhomo zonse zimakhala poyera, aliyense atha kuziwerenga. Apa ayi. Wosewera aliyense ali ndi pepala lofotokoza zimene munthu wakeyo amatha, ndipo luso lililonse lili ndi nambala yake.

Tinene kuti m'nthanomo apeza chitsamba chachilendo. Wosewera sangangonena kuti ndi poizoni chifukwa choti anawerengapo m'buku la masewerawo. M'malamulo a masiku ano amaponya dayisi ya mbali 20, n'kuwonkhetsa nambala yatulukayo ndi nambala ya luso la munthu wake. Zikakwana pa mlingo umene woyendetsa waika, amamuuza zimene munthu wakeyo akukumbukira za chitsambacho. Zikapanda kukwana, ndiye kuti sakuchidziwa basi, ndipo ayenera kukafunsa wina m'nthanomo kapena kuchita zinthu ngati munthu wosadziwa. Kugwiritsa ntchito nzeru za kunja kwa nthano amakutcha metagaming, ndipo osewera ambiri amakuona ngati kubera.

Kusiyanitsa zimene ukudziwa iwe ndi zimene akudziwa mnzako si chinthu chobadwa nacho chathunthu. Chimakula ndi mwana, ndipo makolo mungachione nokha kunyumba. Tengani zidole ziwiri, dengu ndi mphika. Chidole choyamba chiike mtedza m'dengu n'kupita kudambo. Chachiwiri chichotse mtedzawo n'kuubisa mumphika, mwana wanu akuonerera. Choyamba chija chikabwerera, mufunseni mwanayo kuti chikafuna mtedza wake kuti. Ana ambiri a zaka zitatu amaloza mphika, poti iwo aona, ndiye akuganiza kuti aliyense akudziwa. Akafika zaka zinayi kapena zisanu ambiri amaloza dengu, ena akuseka, chifukwa azindikira kuti chidolecho chikukhulupirira chinthu chimene si choona.

Kuyesa kotere anakuyamba Heinz Wimmer ndi Josef Perner mu 1983. Mu 1985, Simon Baron-Cohen, Alan Leslie ndi Uta Frith ku London anakuchita ndi zidole ziwiri zotchedwa Sally ndi Anne, ndipo anapeza kuti mwa ana 20 okhala ndi autism, anayi okha ndiwo anayankha molondola. Mu 1991 Jeremy Avis ndi Paul Harris anayesa ana a mtundu wa Baka m'nkhalango za ku Cameroon, ana osapita kusukulu, ndipo nawonso okulirapo ankakhoza kusiyana ndi aang'ono. Musathamangire kunena kuti mwana wanu ali ndi vuto chifukwa waloza mphika kamodzi. Ana amasiyana, ndipo tsiku lina amangokhala kuti mtima uli pa mtedzawo. Kumasanje, mwana akamauza mnzake kuti "iwe ukhale mlendo, sukudziwa kuti nsima yapsa," akuyesera luso lomweli, choncho musamawabalalitse msanga.

Akuluakulufe tinadutsa pa msinkhuwo, koma sitinachire kwenikweni. Mu 1990, Elizabeth Newton wa ku Stanford anauza anthu kuti azigogoda patebulo nyimbo yodziwika, ena n'kumalota kuti ndi nyimbo yanji. Ogogodawo ankayembekeza kuti theka la nyimbozo lidziwika. Mwa nyimbo 120, zitatu zokha ndizo zinadziwika. Wogogoda amaimva nyimbo yonse m'mutu mwake, womvera akungomva go, go, go. N'zimene timachita ife achipatala tikauza mayi kuti "katatu patsiku" n'kumaganiza kuti tamveka.

M'masukulu a zachipatala njira ya pepala lobisika ilipo kale. Mu 1963 dokotala wa za ubongo Howard Barrows, ku University of Southern California, anayamba kuphunzitsa anthu abwinobwino kuti azikhala ngati odwala poyesa ophunzira. Wodwala wongoyerekezayo amakhala ndi mbiri yake yokonzeratu, ndipo sayiulula yonse pokhapokha atafunsidwa funso loyenera. Inunso mungachite zimenezi popanda kugula kanthu. Dayisi siyofunika. Chofunika ndi kakhadi ndi lamulo.

Nachi chitsanzo cha kuno kwathu kwa fodya. Mphunzitsi alembe kakhadi ka mayi, mlangizi asakaone. Pamwamba alembe zimene mayi anene yekha: mnyamata wa zaka 11 akusanza kuyambira dzulo madzulo, mutu ukumupweteka, akumva chizungulire, ndipo mayi akuti ndi malungo. M'munsi alembe zimene anene pokhapokha atafunsidwa: thupi silinatenthe, dzulo m'mamawa mnyamatayo anathandiza kuthyola fodya mame asanaume, anafungatira masambawo mpaka kuchigafa, ndipo malaya onyowawo anakhala nawo tsiku lonse. Mayi sakubisa dala. Kwa iye kuthyola fodya ndi ntchito ya tsiku lililonse, sakuona kuti ikukhudzana ndi kusanza. Mwinanso akuopa kuti akanena, nkhani yogwiritsa ana ntchito iyamba, poti lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14 ndi kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoopsa. Mantha amenewo alembedwenso pakakhadipo, kuti mlangizi akafunsa mokalipa, mayi angoti zii.

Matenda a pakakhadipa ndi enieni. Chikonga cha m'masamba aawisi chimasungunuka m'mame kapena m'madzi a mvula n'kulowa pakhungu. Pakangopita maola angapo munthu amayamba nseru, kusanza, mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo nthawi zambiri zimatha pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu. Ana amavutika msanga poti thupi ndi laling'ono. Lipoti la Plan International la 2009 linanena kuti mwana wogwira ntchito m'fodya kuno ku Malawi atha kulowetsa chikonga chofika mamiligalamu 54 patsiku, chofanana ndi ndudu 50. Chosokoneza n'chakuti fodya amathyoledwa m'dzinja, nthawi yomwe malungo nawo afika pachimake, ndiye mlangizi wosafunsa amangoona malungo paliponse.

Sewerolo likhale ndi malamulo ake. Oonerera asanong'oneze. Mayi asatchule mawu amene mayi wakumudzi sangawanene, ndipo akatchula, mphunzitsi aimitse n'kubwereza. Mlangizi apatsidwe mphindi zisanu. Nthawi ikatha, kakhadi kawerengedwe mokweza, gulu liwerenge kuti ndi mfundo zingati za m'munsi zimene wazitulutsa. Kawirikawiri funso lotsegula pakamwa pa mayi limakhala wamba, monga "Dzulo mwanayu anachita chiyani kuyambira podzuka?" Funso loti "Sanagwire fodya, eti?" limangobweretsa ayi.

Mukapeza nkhani ya fodyayo, musatseke nkhani ya malungo. Mwana atha kukhala ndi zonse ziwiri, ndipo chotsimikiza ndi kuyeza magazi pachala basi. Avule zovala zonyowazo, asambe ndi sopo, azimwa madzi kapena Thanzi ORS pang'onopang'ono, ndipo asabwererenso m'munda wa fodya. Ngati akusanza chilichonse chimene wamwa, wakomoka, walefukiratu kapena thupi latentha, lembani kalata yomutumiza kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo m'kalatamo mulembemo za fodya wonyowayo ndi nthawi imene anamugwira, kuti amene amulandire kumeneko asayambirenso kulota.