Asidi amathiridwa m'madzi, madzi sathiridwa mu asidi

Asidi amene amagwiritsidwa ntchito m'malabotale a m'sukulu za sekondale, m'zipatala ndi m'mafakitale amachoka kwa opanga ali waukali kwambiri, kotero kuti ntchito zambiri sizitheka asanasungunulidwe ndi madzi kufikira pa mlingo wofunikira. Ukali umene ukunenedwa pano ndi kuchuluka kwa asidi weniweni m'madzi amene wasakanizidwamo, ndipo umayezedwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya peresenti, imene imasonyeza magawo a asidi pa magawo 100 alionse, pamene yachiwiri imawerenga ma mole a asidi pa lita imodzi. Mole ndi muyezo umene asayansi amawerengera tinthu tosaoneka ndi maso timene timapanga chinthu chilichonse, ndipo mole imodzi ya asidi wa sulfuric imalemera magalamu 98.

Asidi wa sulfuric wa m'botolo latsopano amakhala wa 98 peresenti, kapena ma mole pafupifupi 18 pa lita, pamene wa hydrochloric amakhala wa 37 peresenti, kapena ma mole pafupifupi 12 pa lita. Wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE sapatsidwa asidi wotere, koma wosungunula kale, zomwe zikutanthauza kuti pali mphunzitsi kapena wothandiza m'labotale amene amayamba watsegula botolo loopsalo yekha, ndipo chitetezo chake chimadalira lamulo limodzi lakuti asidi ndiye amathiridwa m'madzi.

Lamuloli maziko ake ndi kutentha. Svante Arrhenius wa ku Sweden anafotokoza m'chaka cha 1884 kuti asidi akalowa m'madzi amagawikana n'kukhala tizigawo tokhala ndi mphamvu ya magetsi totchedwa ma ion, ndipo tizigawoti tikamagwirana ndi madzi pamatuluka kutentha, kumene kumakhala kochuluka zedi pa asidi wa sulfuric. Chinanso n'chakuti asidiyu ndi wolemera, pakuti lita yake imodzi imalemera makilogalamu 1.84 pamene lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Madzi ochepa akathiridwa mu asidi wambiri samira koma amatsala pamwamba, ndipo kutentha konse kumaunjikana m'madzi ochepawo mpaka kupitirira madigiri 100, moti amawira mwadzidzidzi n'kuthovukira kumaso ndi m'manja atatenga asidi, monga momwe dontho la madzi limachitira likagwera m'mafuta otentha pachiwaya. Asidi akamatsanulidwa pang'onopang'ono m'madzi ambiri amamira n'kumwazikana, ndipo popeza madzi amatha kumwa kutentha kochuluka asanawire, ngoziyo imapeweka.

Kawerengedwe ka mlingo wofunikira kamachokera pa mfundo yakuti kuthira madzi sikuchotsa kapena kuwonjezera asidi, koma kumangokuza malo amene asidiyo wamwazikamo. N'chifukwa chake ukali woyamba ukachulukitsidwa ndi kuchuluka kwa asidi wotengedwa m'botolo, yankho limafanana ndi ukali womaliza wochulukitsidwa ndi kuchuluka kwa zonse zikasakanizidwa, zomwe mabuku amalemba mwachidule kuti C1V1 = C2V2. Munthu wofuna lita imodzi ya asidi wa hydrochloric wa mole imodzi pa lita kuchokera ku botolo la ma mole 12 amachulukitsa 1 ndi mamililita 1,000 n'kugawa ndi 12, ndipo amapeza kuti ayenera kutenga mamililita 83. Pamene ambiri amaphonya ndi poganiza kuti mamililita 83 amenewo athiridwe mu lita yathunthu ya madzi, pomwe lita ikuimira asidi ndi madzi omwe pamodzi zitasakanizidwa.

Pogwira ntchitoyi, wosungunula amavala magalasi oteteza maso, magolovesi ndi chovala cha manja aatali, ndipo amakhala pamalo opita mphepo chifukwa asidi wa hydrochloric amatulutsa mpweya wopweteka m'mphuno ndi m'mapapo. Amayamba wathira madzi oposa theka la mlingo womaliza m'chotengera cha galasi losasweka ndi kutentha, kenaka amatsanuliramo asidi pang'onopang'ono akutakasa ndi kamtengo kagalasi. Zosakanizazo amazisiya kuti zizizire, chifukwa zamadzimadzi zikatentha zimafufuma ndipo muyezo wake umanamiza, ndipo zikazizira m'pamene amawonjezera madzi otsala mpaka pamzere wa botolo loyezera. Madzi omalizawa sabweretsa ngozi popeza amagwera mu asidi amene wasukuluka kale.

Kulondola kwa mlingo kumakhudza moyo wa odwala mwachindunji. Poyeza khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi, azaumoyo amapaka pakhomopo asidi wa acetic, yemwe ndi asidi wa mu viniga, wa pakati pa 3 ndi 5 peresenti, ndipo pakatha mphindi imodzi malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Asidi wa 5 peresenti amakonzedwa pothira mamililita 5 a asidi wosasungunula m'mamililita 95 a madzi otchezedwa, omwe ndi madzi amene anawiritsidwa nthunzi yake n'kuziziritsidwa kuti mchere ndi zina zonse zitsale. Akasukuluka mopitirira muyezo, malo odwala sangaoneke ndipo mayi angabwerere kwawo akuganiza kuti ali bwino, pamene asidiyo akakhala waukali kwambiri amawotcha. Chimodzimodzinso poyeza makhololo a chifuwa chachikulu cha TB ndi njira ya Ziehl-Neelsen, asidi wa sulfuric wa pakati pa 20 ndi 25 peresenti amachotsa utoto wofiira, umene makhololowo amayamba apakidwa, pa zinthu zina zonse n'kusiya tizilombo ta TB tokha tili tofiira, ndipo mlingo ukalakwika zotsatira zake zimasocheretsa dokotala.

Anthu ambiri amakumana ndi asidi wa sulfuric kudzera m'mabatire a galimoto ndi a magetsi a dzuwa, amene mtundu wake unapangidwa koyamba ndi Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. Asidi wa m'batire amakhala atasungunulidwa kale kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma amawotchabe khungu ndi kuboola zovala. Mlingo ukatsika m'batire, chimene chatha ndi madzi, amene amauluka ngati nthunzi kapena kugawika kukhala mpweya pamene batire likutchajidwa, kotero chofunika kuwonjezera ndi madzi otchezedwa okha. Kuwonjezera asidi kumakweza ukali n'kuwononga mapuleti a mtovu a m'kati, ndipo madzi a pamjigo kapena pachitsime amalowetsamo mchere umene umafupikitsa moyo wa batire.

Ngozi ikachitika, mfundo yomwe ija ya kuchuluka kwa madzi ndiyo imapulumutsa. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, malowo ayenera kutsukidwa nthawi yomweyo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 20, zovala zonyowa ndi asidi zikuvulidwa, chifukwa madzi ochuluka amakokolola asidi pamodzi ndi kutentha kwake. Kupaka soda, phulusa, mafuta kapena mazira sikuthandiza, ndipo soda akakumana ndi asidi pabala amatulutsa kutentha kwina. Munthu amene wamwa asidi asasanzitsidwe, popeza asidiyo amawotchanso kummero pobwerera, koma athamangitsidwe kuchipatala pamodzi ndi botolo la chimene wamwa.

Udindo waukulu uli m'manja mwa oyang'anira sukulu, zipatala ndi magalaja, amene ayenera kuonetsetsa kuti botolo lililonse lalembedwa dzina la asidi, ukali wake ndi tsiku limene anasungunulidwa, komanso kuti asidi sasungidwa m'mabotolo a zakumwa amene mwana angawayese a madzi. Kumalo kumene madzi a m'mipopi amasiya kawirikawiri, botolo la asidi waukali lisatsegulidwe pokhapokha ndowa zodzaza madzi oyera zitaikidwa pafupi, chifukwa mphindi zoyambirira pambuyo pa ngozi ndizo zimasiyanitsa bala lopola ndi khungu kapena diso lowonongekeratu.