Botswana ndi funso la mtengo wa utsi

GABORONE - Kum'mwera kwa mzinda wa Gaborone kuli nkhalango yotetezedwa ya Mokolodi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1994, kumene ana asukulu amapita kukaona zipembere ndi mbidzi komanso kukaphunzira za chilengedwe. Mitengo ya kumeneko imamwa mpweya wa kaboni. Koma magetsi ambiri amene amayaka mumzindawo amachokera ku Morupule, pafupi ndi Palapye, kumene amatentha malasha ndi kutulutsa mpweya womwewo, umene ukutenthetsa dziko lapansi.

Akatswiri a zachuma amati mpweyawu ukuchuluka chifukwa woutulutsa salipira kanthu. Choncho pali njira ziwiri zouikira mtengo: kukhometsa msonkho amene akuutulutsa, kapena kulipira amene akusunga mitengo yoti iumwe.

M'chigawo chino, dziko la South Africa ndilo linapita patsogolo pa njira yoyambayo. Msonkho wake unayamba pa 1 June 2019, pa mtengo wa R120 pa tani iliyonse. Komabe makampani anachotseredwa magawo apakati pa 60 ndi 95 pa 100 aliwonse, kotero kuti ena ankalipira R6 yokha pa tani, ndalama yosati n'kusintha maganizo a mwini fakitale. M'chaka chomwecho dziko la Malawi linayamba kukhometsa eni galimoto msonkho wa kaboni molingana ndi kukula kwa injini.

Dziko la Botswana linalonjeza, pansi pa pangano la ku Paris la 2015, kuti pofika 2030 lidzachepetsa mpweyawu ndi magawo 15 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi mmene unalili mu 2010, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo inavomereza ndondomeko ya dzikolo yokhudza kusintha kwa nyengo. Vuto lili pa amene angasenze katunduyo. Malo opangira magetsi a Morupule ndi a kampani ya boma ya Botswana Power Corporation. Boma likaikhometsa msonkho, ndiye kuti likudzilipiritsa lokha, apo ayi mtengo wa magetsi ukwera, ndipo adzaumva ndi mabanja pamodzi ndi migodi ya dayamondi imene chuma cha dzikolo chimadalira. Banja losauka limawononga gawo lalikulu la ndalama zake pa zophikira ndi zounikira, ndipo magetsi akadula limabwerera ku nkhuni.

Njira yachiwiri imaoneka yokoma kwa maiko a nkhalango, koma ili ndi lamulo lovuta. Wogula, amene nthawi zambiri amakhala kampani yakunja, amafuna umboni wakuti mitengoyo ikanadulidwa pakanapanda ndalama zake. Malo onga Mokolodi, amene akhala otetezedwa kwa zaka zoposa 30, angavutike kupereka umboni wotere. Ndiye kuti amene anayamba kale kusamala ndi amene msika umamuiwala. Kuwonjezera apo, tchire la minga la dziko louma limasunga kaboni wochepa poyerekeza ndi nkhalango zowirira za ku Congo.

Ngakhale kumene malonda atheka, kagawidwe ka ndalama kamabutsa mkangano. Mu 2023 boma la Zimbabwe linalengeza kuti lizitenga theka la ndalama za malonda a kaboni, kenaka linatsitsa gawolo kufika pa 30 pa 100 aliwonse.

Chimene chasintha nkhaniyi ndi lamulo la bungwe la European Union. Kuyambira mu October 2023, oitanitsa zitsulo, aluminiyamu, simenti ndi feteleza ku Ulaya anayamba kulemba kuchuluka kwa kaboni amene anatuluka popanga katunduyo, ndipo gawo lolipira linaikidwa kuyamba mu 2026. Lamuloli limalola kuchotsera ndalama imene wopanga katundu analipira kale kwawo. Motero dziko lopanda msonkho wa kaboni likagulitsa katundu wotere ku Ulaya, ndalamayo imalipiridwabe, koma imalowa m'thumba la maboma a ku Ulaya.