Chifukwa Chake Timafesa Maluwa M'nyengo Yozizira

Anzanga ambiri andifunsa chifukwa chake ife a gulu la maluwa timaoneka ndi makasu ndi zitini zothirira m'mwezi wa Juni, pamene anthu atsiriza kukolola ndipo udzu wayamba kuuma. Ena atiseka, ati tasokoneza kalendala. Tsono popeza akonzi a magazini ino andipatsa malo, ndifuna kulongosola nkhaniyi, pakuti inenso ndinaidziwa nditayamba ndachita manyazi.

Chaka chatha, ndili Fomu 2, aphunzitsi a zaulimi anandipatsa mabedi anayi a kutsogolo kwa makalasi kuti ndiziwasamala. M'laibulale ndinapeza buku lakale losindikizidwa ku England, lonena kuti maluwa afesedwe m'Malichi kapena m'Epulo. Ndinaitanitsa timapaketi tiwiri ta mbewu ku Mzuzu ndi ndalama yanga ya sopo, ndipo ndinafesa monga momwe bukulo linanenera. Usiku wachitatu kunagwa chimvula chosalekeza. M'mawa ndinapeza mabedi ali see ngati bwalo lopunthirapo mpunga. Mbewu zina zinakokolokera m'ngalande, zina zinakwiririka ndi matope. Zochepa zimene zinamera zinaola patsinde ndi kugwa sabata isanathe. Aphunzitsi aakulu anati mabediwo akakhalabe opanda kanthu potsegulira sukulu m'Sepitembala, adzabzalamo chinangwa. Sindinayankhe kanthu, pakuti chinangwa sichinamchititsepo munthu manyazi kuno kwathu.

Bukulo silinaname ayi, koma linalembedwera dziko lina. England ali kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo ife tili kummwera, kotero nyengo zathu ndi zao zimasemphana. Kwao m'Malichi chisanu chimakhala chikutha, dothi likuyamba kufunda. Kuno ku Nkhata Bay, Malichi ndi Epulo ndiyo miyezi ya mvula yochuluka koposa. Pamene anzathu a ku Lilongwe akuyamba kuanika chimanga, ife timakhala tikuolokabe madzi m'dambo la Limphasa, ndipo kawirikawiri mvula imafika mpaka m'Meyi. Pali chinanso chosokoneza. Ena pomasulira mabuku a Chingerezi amatcha nyengo yozizira ya Azungu kuti dzinja. Kumeneko nkulakwa: dzinja lathu ndi nyengo ya mvula ndi yofunda, pamene kuzizira kwathu kumadza kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, mwera ukuomba panyanja.

Amene ananditsegula maso ndi agogo anga aakazi, amene amalima mpunga kusikimu ndiponso ali ndi dimba m'mbali mwa dambo. Nditawafotokozera tsoka langa anaseka, nandifunsa m'Chitonga chao kuti, "Iwe mdzukulu wanga, kodi unandionapo ine ndikufesa mpiru mvula ili pakati?" Ndinati, "Iyayi, agogo." Iwo anati, "Nanga njere zako za maluwazo nzazikulu kuposa za mpiru?" Pamenepo ndinangoti chete.

Nzeru yonse yagona pa kuchepa kwa njere. M'kati mwa njere iliyonse muli kamwana ka mbewu pamodzi ndi kamba wake, ndiye chakudya chimene kamadya kufikira katatulutsa masamba ndi kuona dzuwa. Njere ya chimanga ili ndi kamba wambiri, ndipo ngakhale ikwiririke mozama imabowola dothi ndi kutuluka. Koma kanjere kakang'ono kamba wake ngwa masiku owerengeka. Mvula yamphamvu ikakakwirira ndi matope, kamamera ndithu pansipo, koma kamba amatha kasanafike pamwamba, nikafera m'njira. Ndiponso m'dothi lofunda ndi lonyowa nthawi zonse mumaswana tizilombo tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa chuku, timene timaoletsa tsinde la mbande pamene lakhudzana ndi dothi. Ndi timeneto tinagwetsa mbande zanga za m'Malichi. M'nyengo yozizira mvula yaleka, ndipo mwini madzi ndi iwe wothirira: ukhoza kupatsa pang'ono kapena kumana. Dzuwa silipsereza, udzu sumera msanga, ndipo kuzizira kwa kuno kunyanja sikupha mbewu, pakuti ngakhale m'Julayi usiku kumangotsika kufika madigiri 15 kapena pafupi pamenepo. Ku Chikangawa ndi ku Nyika ndiye kwina. Kumeneko chisanu chimawauladi masamba.

Tsono nayi njira imene tinatsata pa kuyesa kwachiwiri, m'sabata yoyamba ya Juni. Sitinafese m'mabedi a maluwa mwenimwenimo, koma tinakonza nazale, monga achitira alimi a mpunga. Tinasankha malo a pafupi ndi mjigo, opeza dzuwa la m'mawa, otetezeka ku mwera. Bedi la nazale likhale mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati osapondapo, ndipo litukuke masentimita 15. Dothi la m'dambo ndi makande. Likauma limalimba ndi kung'ambika, nilidula timizu. Chifukwa chake tinasakaniza ndowa ziwiri za dothi lakuda la pansi pa mitengo, ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje, ndi ndowa imodzi ya manyowa oolerana. Manyowa aawisi musayese, amatentha mbewu. Tisanafese tinaunjika mapesi ndi udzu wouma pabedipo ndi kutentha, monga achitira alimi a fodya pa nazale zao, kuti njere za udzu ndi tizilombo ta pamwamba tife.

Pofesa tinalemba timizere ndi kamtengo, motalikirana masentimita 10. Lamulo la kuzama ndi ili: njere ikwiriridwe kawiri kapena katatu kunenepa kwake, basi. Njere zonga fumbi zisakanizidwe ndi mchenga wouma kuti zisagwere pamodzi, ziwazidwe pamwamba, ndi kuzitsindira ndi chikhatho osazikwirira. Kenaka tinayala udzu wouma wopanda njere, mopyapyala. Pothirira sitikhuthula ndowa ayi, pakuti kutero nkubweretsanso mvula ya m'Malichi ndi manja ako. Timagwiritsa chitini chobowola pansi ndi msomali waung'ono. Nthawi yabwino ndi m'mawa. Mukathirira madzulo kwambiri, mbande zimagona zonyowa usiku wonse wozizira, ndipo kuola kuja kumayamba. Koma masiku a mwera wamphamvu pamwamba pamauma msanga, kotero muyenera kupisa chala masana ndi kuona.

Chinthu chimene ambiri amalakwa ndi udzu woyala uja. Tsiku limene mwaona timitu tobiriwira, muuchotse tsiku lomwelo, ndi kuukweza pa kathandala kotalika kufika m'bondo. Mukachedwa masiku awiri okha, mbande zimatalika zoyezuka ndi zoonda pofunafuna kuwala, ndipo zotero sizilimbanso.

Si maluwa onse akondwera ndi kuno. Amene sanatikhumudwitse ndi zinnia, marigold ndi cosmos. Onse atatu kwao ndi ku Mexico, ngakhale pa timapaketi tina marigold wamkulu amamutcha wa ku Africa. Zinnia anatchedwa dzina la Johann Gottfried Zinn, katswiri wa zomera wa ku Germany amene anamwalira mu 1759. Cosmos ndi mbale wake wa chisoso, ndipo mukayang'ana njere zake, zazitali ndi zakuda, mudzaona chibalecho. Amameranso mosavuta ngati chisoso chomwe. Zinnia ndi marigold anamera patapita sabata imodzi, cosmos anachedwerapo pang'ono. Tinayesanso maluwa onunkhira otchedwa sweet pea, amene anthu amawayamikira ku Mzuzu ndi ku Zomba. Anamera bwino, koma kutentha kwa m'Sepitembala kutayamba anafota asanachite kanthu. Amenewo ngoyenera kumapiri, ndipo ine sindidzatayanso ndalama pa iwo.

Cosmos anatidabwitsa m'njira ina. Anamasula ali wamfupi, wosafika ndi m'chiuno momwe, pamene wa m'dzinja amakula kwambiri. Aphunzitsi anatiuza kuti duwali limawerenga kutalika kwa usiku: usiku ukatalika limafulumira kumasula. Kuno m'Juni usana ndi pafupifupi maola 11 ndi theka, pamene m'Disembala umapitirira maola 12 ndi theka. Ife kusiyana kumeneku sitikulabadira, koma mbewu imakumva.

Mbande zikakhala ndi masamba enieni anayi, patapita masabata atatu kapena anayi, ndiye nthawi yowokera. Sabata imodzi isanafike tsikulo, chepetsani mthunzi ndi madzi kuti zizolowere mavuto. Muwokere madzulo, mutathirira nazale, ndipo muzule ndi supuni kuti dothi lisachoke kumizu, makamaka zinnia amene safuna kugwidwagwidwa. Zitalikirane masentimita 30. Zikagwira, tsinani nsonga kuti zichite nthambi. Poyamba ndinamva chisoni kutero, koma zimene ndinazileka zinangopereka duwa limodzi pamwamba ngati ndodo. Mpendadzuwa musamuike pa nazale konse. Njere zake nzazikulu, mubzale pamalo pake pomwepo. Adani athu anali nyerere zonyamula njere, nkhululu zodula mbande usiku, ndi nkhuku za oyandikana nafe. Phulusa lowaza mozungulira bedi linathandizako pa nyerere, ndipo nkhuku zinagonja ndi mpanda wa bango.

Mnzathu wina anatiuza zimene anaona pa intaneti, kuti ku America ndi ku Canada anthu amadula zigubu za mkaka pakati, kuikamo dothi ndi njere, kuziphatikanso, ndi kuzisiya panja pa chipale chofewa miyezi yonse yachisanu. Nzoona, ndipo chifukwa chake chilipo: njere zambiri za kumaiko ozizira, monga za maapozi, sizimera zisanagone m'chisanu chonyowa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo chigubu chimazisunga mpaka kutafunda. Ifenso tili nazo mbewu zokhala ndi loko wake: njere ya msangu khungu lake nlolimba, ndipo imamera bwino ikakandidwa kapena ikadzera m'mimba mwa ng'ombe. Koma maluwa athu a ku Mexico safuna chisanu, ndipo chigubu chotseka pa dzuwa la ku Limphasa chimasanduka mphika. Tinayesa chimodzi, ndipo mbande zinaphikika ngati ndiwo. Chimene tinatolapo ndi theka la pansi lokha: kudula chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, kuchitsuka, kuchibowola pansi, ndi kufesamo chosavundikira. Ubwino wake ngwakuti chimanyamulika.

Kuzizira kukatha ntchito siitha. M'Sepitembala ndi m'Okutobala timafesa maluwa okonda kutentha, monga portulaca, amene njere zake nzonga fumbi, ndi periwinkle, kaduwa koyera kapena kofiirira kamene mumakaona m'mabwalo a matchalitchi ndi a zipatala. Musakapeputse kameneka. Kwao ndi ku Madagascar, ndipo kuyambira cha m'ma 1960 m'masamba ake mumachokera mankhwala otchedwa vincristine, amene madokotala amachizira nawo khansa ya ana, ngakhale muno m'Malawi. Koma ndikuchenjezani: chomeracho chili ndi poizoni, si chothyola ndi kumwa. M'Novembala timafesa m'zigubu zija pansi pa khonde, kuti mvula ikayamba tiwokere mbande zolimba kale, zimene madontho sangazikwirire.

Mbewu sitigulanso. Timasiya maluwa okongola koposa aumire pamtengo, kuwathyola tsiku louma, kuwafikisa m'manja, kuanika njere pamthunzi, ndi kuzisunga m'botolo lotseka lokhala ndi phulusa pang'ono, titalembapo dzina ndi mwezi. Paketi ikalembedwa F1, dziwani kuti ndi haibulidi, ndipo ana ake sadzafanana ndi makolo, monga zichitikira ndi chimanga. Kwa amene amati maluwa sadyedwa, ndingoti mizu ya marigold imachepetsa tinyongolotsi totupitsa mizu ya tomato, ndipo agogo anga tsopano amamubzala padimba.

Vuto lalikulu la njira imeneyi si dothi kapena nyerere, koma tchuthi. Timafesa m'Juni, timawokera m'Julayi, ndipo sukulu imatsekera pamene mbande zikufuna madzi tsiku ndi tsiku. Chaka chatha tinalipo atatu okhala pafupi, ndipo tinagawana masiku. Bedi lililonse linkamwa ndowa ziwiri m'mawa uliwonse. Potsegulira m'Sepitembala mabedi atatu anali mbuu ndi maluwa, ndipo aphunzitsi aakulu anaima pamenepo nthawi ndithu osanena kanthu. Lachinayi linadyedwa ndi mbuzi tsiku limene ine mwini ndinaiwala kutseka mpanda, ndipo monga nonse muona, muli chinangwa.

Chaka chino awiri aja akulemba mayeso a Fomu 4 ndipo achoka. Ngati pali wina wokhala pafupi ndi sukulu amene angathe kubwera m'mawa kawiri pa sabata m'Ogasiti, andipeze pamjigo Lachisanu tikaweruka. Abwere ndi chitini chake. Msomali ndili nawo.