Dzino likabenthuka, musathamangire kulizula

Mayi wina wogulitsa nsomba chakumlatho wa Kafue analowa m'chipinda changa m'mawa wina atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Ngakhale moni anayankha ali chiphimbire. Atakhala pampando m'pamene anachotsa dzanja, ndipo ndinaona dzino lakutsogolo la m'mwamba litabenthuka pakona, kachibenthu kake kosaposa njere ya mpunga. Anati anatsegula botolo ndi mano pa ukwati wa mng'ono wake. "A dokotala, ingolizulani, gweru ndizolowera," anatero.

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri ndipo amandiwawa mumtima. Ambirife timapita kwa dokotala wa mano tsaya litatupa kale, titachezera usiku wonse, n'chifukwa chake timaganiza kuti ntchito yake ndi yozula basi. Chonsecho dzino lobenthuka nthawi zambiri limakhala lamoyo, muzu wake uli bwinobwino.

Kunja kwa dzino kuli chikamba choyera chimene timati enamel. M'thupi lonse mulibe cholimba kuposa chimenechi, koma chikachoka chachoka. Bala limapola, fupa limalumikizana, enamel sameranso. Pansi pake pali dentine, yofewerapo ndi yachikasu, yodzaza timibowo tosaoneka ndi maso. Ikakhala pamtunda m'pamene mano amayayamira mukamwa madzi ozizira. Pakatikati penipeni pali mtsempha ndi magazi. Ndiye munthu akabwera, choyamba ndimafuna kudziwa kuti kubenthukako kwafika pati.

Kukakhala kwa pamwamba chabe, ndimangopala pakuthwapo kuti pasacheke lilime. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, yosafuna n'komwe jakisoni.

Kwa mayi uja kunafunika kumata ndi chomatira chotchedwa composite, ndipo njira imeneyi ndi imene ndimaikonda kwambiri. Ndinayamba ndi kusankha mtundu, ndikuyerekeza timano tachitsanzo ndi dzino lake chapafupi ndi windo, popeza mano si oyera ngati pepala ndipo getsi limanamiza maso. Kenako ndinapaka pobenthukapo mankhwala a asidi kwa masekondi pafupifupi 30, n'kutsuka, n'kuumitsa. Asidiyo amakanda enamel pang'ono kwambiri kuti chomatira chipeze pogwira, monga m'misiri amakanda khoma asanaike pulasitala. Nzeru imeneyi anaitulukira ndi Michael Buonocore ku America mu 1955, ndipo mpaka lero ndiyo maziko a ntchito yonseyi. Kenako ndinaika composite pang'onopang'ono, yofewa ngati phala lolimba, ndikuiumba ndi kachitsulo kuti ifanane ndi dzino linzake. Ndikaikapo pang'ono ndinkawalitsa nyale ya buluu kwa masekondi 20 kapena kuposerapo, n'kuuma gwa. Chomaliza chinali kusalaza ndi kupukuta kuti iwale. Ola lisanakwane tinali titamaliza, osadula mbali iliyonse ya dzino lake.

Sindingakunamizeni kuti composite ndi yamuyaya. Tiyi ndi fodya zimaidetsa pang'onopang'ono, ndipo ukaisendera nzimbe kapena kutafunira chimanga chokazinga imatha kuthothoka. Koma imakhala zaka ndithu, ndipo ikawonongeka timangowonjezera pomwepo.

Pali china chimene ndimafuna kholo lililonse ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound kuno ku Kafue litamva. Mwana akagwa panjinga dzino n'kuthyoka, funafunani chibenthucho pansipo, muchiike m'kapu ya mkaka, mubwere nacho tsiku lomwelo. Nthawi zambiri timatha kuchimatanso pamalo pake, ndipo palibe chopangidwa ndi manja chimene chingafanane ndi dzino la mwini wake. Mukachikulunga m'pepala chimauma n'kusintha mtundu. Ngati dzino lachikulire lazuka lonse, ligwireni kumutu osati kumuzu, muliike mumkaka momwemo, ndipo yesetsani kufika ola lisanathe. Chonde, glu wa m'sitolo asayandikire m'kamwa. Ndinaonapo mnyamata atamata chibenthu chopendekeka ndi glu ameneyu, nkhama zitapsa, ndipo pochotsapo tinataya enamel amene akanapulumuka.

Achinyamata ambiri masiku ano amandionetsa zithunzi za pa TikTok n'kunena kuti akufuna ma veneer. Veneer ndi kachikamba kopyapyala kamene amakapanga ku labotale, n'kudzakamata kumaso kwa dzino. Ndi kokongola ndithu ndipo sikada msanga. Koma kuti kakhale bwino timapala enamel pafupifupi theka la milimita, ndipo ndanena kale kuti sabwerera. Pa kabenthu kamodzi, ine sindilola kupala mano asanu ndi limodzi abwinobwino. Crown, imene imavala dzino lonse ngati chipewa, ndimaisungira dzino limene lathyoka kwambiri. Mukaona kadontho kofiira pakati pa pothyokapo, mtsempha uli pamtunda, ndipo pamenepo nkhani ya kukongola iyambe yadikira, tipulumutse dzino kaye. Chimodzimodzi dzino limene linagundidwa kale n'kuyamba kuda lokha: libweretseni tilijambule ngakhale silikupweteka.

Kale, Aila ndi Atonga a m'chigwa cha mtsinje wa Kafue ankachotsa dala mano akutsogolo a m'mwamba, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kukongola. Choncho sindikakamiza munthu maonekedwe. Chimene ndimalimbikira n'chakuti dentine isasiyidwe poyera, chifukwa imabooka msanga. Kaya mupita kuchipatala cha boma kuno ku Kafue, kaya mukwera minibasi kupita ku Lusaka, onetsetsani kuti wokugwirani m'kamwayo ali ndi chiphaso cha Health Professions Council of Zambia, ndipo mufunseni kuti apala mbali yaikulu bwanji ya dzino lanu asanayambe.

Mayi uja nditamupatsa galasi anayang'ana nthawi yaitali, akuyendetsa lilime pa dzinolo, n'kundifunsa kuti lomwe linabenthuka lija ndi liti. Kenako anafunsa za nzimbe. Ndinamuuza kuti azisenda ndi mpeni, aziduladula, azitafunira mano a m'mbali, ndipo abwerenso pakatha miyezi 6 tidzaone mmene chomatacho chagwirira. Potuluka, chitenje chija anali atachimanga m'chiuno.