ZA KANEMA WA MICHAEL NDI MAGANIZO A ANTHU OMUONA



M'chaka cha 1936 Papa Pius XI analemba kalata yotchedwa Vigilanti Cura, nachenjeza abusa ndi makolo kuti kanema ndiye mphunzitsi wamphamvu, wophunzitsa zabwino ndi zoipa zomwe. Masiku amenewo wofuna kanema ankatuluka m'nyumba, nalipira pakhomo. Lero kanema ndiye alowa m'nyumba. Ku Area 3, kumene nyumba zambiri zili ndi mipanda ya njerwa ndi alonda pachipata, mlendo ameneyu saodira iai. Adzera pa intaneti, nakhala m'foni ya mwana makolo ali m'tulo. Lamulo la 1968 linaika bungwe lopima makanema m'dziko muno, koma bungwe silingathe kuima pakhomo la chipinda chilichonse. Chifukwa chake mwezi uno tikambe za kanema mmodzi amene anagawanitsa omuona, pakuti mlandu wake ungathe kugwera banja lililonse.

Kanemayo dzina lake I Am Michael. Anamukonza ndi Justin Kelly, ndipo anayamba kuoneka ku Sundance, ku America, m'chaka cha 2015. Nkhani yake si nthano. Michael Glatze anali mnyamata wanzeru wa ku America, amene ankakhala ndi mwamuna mnzake monga banja, nayambitsa naye magazini yolimbikitsa achinyamata okonda amuna kapena akazi anzawo. Makolo ake onse awiri anamwalira iye akali wamng'ono, atate ake ndi nthenda ya mtima. Tsono pamene mtima wake womwe unayamba kugunda modabwitsa, anagwidwa ndi mantha a imfa, nayamba kufunafuna Mulungu. M'chaka cha 2007 analengeza poyera kuti wasiya moyo wakale, nanena mawu owawa otsutsa anzake aja. Pambuyo pake anaphunzira Baibulo ku Wyoming, anakwatira mkazi m'chaka cha 2013, nakhala mbusa wa mpingo waung'ono. Amene anasewera m'malo mwake ndi James Franco.

Wokonza kanema sanagamule mlandu. Anaonetsa chikondi cha anzake akale, anaonetsanso pemphero la Michael, ndipo pomaliza sananene ngati munthuyo anapeza mtendere kapena iai. Apa ndipo panabuka mkangano.

Ena mwa okonda amuna kapena akazi anzawo anaipidwa, poopa kuti makolo adzatenga nkhani ya Michael ngati mkwapulo, nadzauza ana awo kuti popeza uyu anasintha, nawonso ayenera kusintha. Iwo anaona munthu wamantha amene anataya abwenzi ake. Ena mwa Akristu anadandaula kuti chikhulupiriro chaoneka ngati nthenda ya munthu woopa imfa, osati mphatso ya Mulungu. Koma panali enanso, a mbali zonse ziwiri, amene anayamika kanemayo pa chifukwa chomwecho chimene anzawo anamudzudzulira, kuti sanasandutse Michael chilombo, sanamusandutsenso woyera.

Taonani, makolo, kuti magulu awiri oyambawo anadwala nthenda imodzi: onse anafuna kuti moyo wa munthu mmodzi ukhale umboni pa mlandu wawo. Koma mtima wa munthu si chikalata cha m'bwalo. Chimene chinachitika m'mtima wa Michael achidziwa ndi Mulungu. Ndipo ngakhale tikanachidziwa, sichikanatiuza za mtima wa mwana wa ku Lilongwe.

Tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri azisokoneza. Kutembenuka mtima ndiko kubwerera kwa Mulungu, ndipo kufunika kwa tonse, okwatira ndi osakwatira. Kusintha chilakolako ndi kwina. Bungwe la Exodus International ku America linalonjeza anthu kusintha kotere kuyambira 1976. Koma m'chaka cha 2013 linatseka zitseko zake, ndipo mtsogoleri wake Alan Chambers anapepesa kwa amene anavulazidwa, atavomera kale kuti pafupifupi onse amene anawadziwa chilakolako chawo sichinasinthe. Eklezia Katolika salonjeza zotere. Katekisimu wa 1992, m'ndime 2357 kufikira 2359, aphunzitsa kuti kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha sikuloledwa, ndi kuti anthu otere aitanidwa kudzisunga. Koma aphunzitsanso kuti chilakolakocho kwa ambiri ndi mtanda, ndi kuti tiwalandire ndi ulemu ndi chifundo, osawachitira tsankho losalungama. Bungwe la Courage, limene Bambo John Harvey analiyamba ku New York m'chaka cha 1980, lilimbikira pemphero, ubwenzi wabwino ndi kudzisunga.

Wina angati izi nza kutali. Kodi mwaiwala? M'chaka cha 2010 bwalo la ku Blantyre linagamula kuti Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga akhale m'ndende zaka 14, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon ku Lilongwe kuno. M'chaka cha 2023 atsogoleri a mipingo anayenda m'misewu kukana maukwati otere, ndipo aepiskopi athu analetsa kuwadalitsa. M'chaka cha 2024 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko linakana kufafaniza malamulo olanga mchitidwewu. Zonsezi ana athu anazimva, pamodzi ndi nthabwala zathu za pa nsima. Ngati pakati pawo pali wina wosenza mtolo umenewu mobisa, anaphunzira kuti m'nyumba ya atate ake ayenera kukhala chete. Ndipo mwana wokhala chete kwa makolo afunsa kwa foni.

Tsono tichite chiani? Kanema ameneyu si wa ana, pakuti muli zithunzi zosayenera maso awo. Koma ngati mwana wanu wamkulu wamuona kale, musamuyambe ndi ukali. Mufunseni chimene waonamo, ndipo mumvetsere kufikira atatha. Akakuululirani za mtima wake, musamupirikitse pakhomo, musamutengere kwa olonjeza kumuchiritsa ndi ndalama kapena ndi nkhanza, musamukakamize ukwati, pakuti fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo mphika wosweka ungakhale mwana wamkazi wa mnzanu. Muuzeni chiphunzitso cha Eklezia chonse, osachotsako chovuta, osachotsakonso chifundo. Ndipo funani uphungu kwa wansembe wanzeru wosunga chinsinsi.

Oonera kanema ali ndi ufulu wotsutsana, nadzuka, napita kwawo. Makolo alibe ufulu umenewo, chifukwa mwana amene Mulungu anawapatsa adzadya nawo mawa m'mbale yomweyo. Banja Loyera la ku Nazareth litipempherere nzeru ya kulankhula zoona mwachikondi.