Munalipirira Cipinda Ici, Akulozerani Cina

Madzulo ano ndifuna kukamba za chuti, ndi za bvuto lina limene ligwera anthu opereka ndalama zao kwa makampani okonza maulendo.

Munthu wa pa mgodi adziwa mtengo wace wa chuti. Caka conse atsika pansi, tsiku lina usana, tsiku lina usiku, nasunga pang'ono pang'ono kuti nthawi yopumula ikafika atenge mkazi wace ndi ana akaone mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, kapena akagone m'mbali mwa nyanja ya Kariba ku Siavonga. Ena afika ngakhale ku Durban ndi ku Zanzibar. Tsono apita ku ofesi ya okonza maulendo, amuonetsa zithunzi za hotela yokongola, iye nalipira. Atatsala masiku atatu kuti anyamuke, foni ilira, ndipo kalaliki wa mau okoma amuuza kuti, "Pepani atate, hotela ija yadzala, takuikani ku ina, koma n'cimodzimodzi." Kodi munthuyu ayenera kungobvomera?

Iai. Pamene munalipira munacita pangano, ndipo malo ogona amene anachulidwa ali m'kati mwa panganolo. Munthu akalipira ng'ombe yaikazi, wogulitsa sangabwere ndi mbuzi ziwiri ndi kunena kuti nyama ndi nyama. Angathe kumpempha kuti alandire mbuzizo, koma wobvomera kapena wokana ndiye mwini ndalama.

Mlandu umene uonetsa bwino zimenezi unaweruzidwa ku England, ndipo ndiufotokoza cifukwa malamulo athu a mapangano anacokera ku malamulo a Angelezi. Oweruza a m'Zambia awerenga milandu yotere ndi kuilemekeza, ngakhale kuti sakakamizidwa kuitsata.

Bambo Jackson, mnyamata wa malonda amene anatopa ndi nchito, anakonza ulendo wa masabata anai wa kuciyambi kwa caka ca 1971 wopita ku Ceylon, cisumbu cimene tsopano cichedwa Sri Lanka. Anali kupita ndi mkazi wace ndi ana ao amapasa a zaka zitatu. Kampani yochedwa Horizon Holidays inawalonjeza hotela yatsopano ya Pegasus Reef pa mtengo wa mapaundi 1,432. Tsiku la ulendo litayandikira, kampaniyo inawauza kuti hotelayo siinathe kumangidwa, ndipo inawapempha kuti akagone ku hotela ina yochedwa Brown's Beach pa mapaundi 1,200, niwatsimikizira kuti sakadandaula. Bambo Jackson anabvomera.

Atafika anapeza zina. Cipinda ca ana cinali cakuda ndi nguwi, makoma ali conyowa, cimbudzi ndi mosambira muli mwauve. Cakudya sicinali kudyeka. Dziwe losambiramo ndi malo a masewera amene anachulidwa m'kabuku ka kampani kunalibe. Patapita masabata awiri anawasamutsira ku Pegasus Reef kuja, kumene amisiri anali asanatsirize kumanga.

Bambo Jackson anakasuma, ndipo woweruza anagamula kuti kampani iwalipire mapaundi 1,100. Kampani inaona kuti ndalamazo zacuruka, nicita apilo, koma mu 1974 bwalo la apilo, lotsogozedwa ndi Lord Denning, linakana kuzicepetsa. Taganizani: pa mapaundi 1,200 amene munthuyo analipira, 1,100 anabwerera m'thumba mwace, ngakhale kuti ndeke anakwera, nagona, nadya masabata onse anai.

Pa mlanduwu pali mfundo imene anthu ambiri saidziwa. Bambo Jackson anabvomera kusintha hotela, koma kubvomerako sikunawalande mphamvu yao yodandaula. Iwo anabvomera hotela imene anawafotokozera, ndipo imene anaipeza inali ina. Cotero inu mukanena kuti "cabwino" pa foni cifukwa matikiti mwagula kale ndipo ana asoka kale zobvala za ulendo, kampani ikhalabe ndi mangawa akuti malo atsopanowo akhale monga inanenera.

Mfundo yaciwiri ndiyo imene ine ndiikonda koposa. Bwalo linawerengera ndalama kukhumudwa kwa mtima ndi kutayika kwa mpumulo. Kale oweruza anali kunena kuti pangano likaswedwa munthu alipidwe cokhaco cimene cioneka ndi maso, osati cisoni. Zimenezi zinasintha mu 1972 pa mlandu wa Bambo Jarvis, amene analipira mapaundi 63.45 ku kampani ya Swans Tours kuti akasangalale masabata awiri m'mapiri a ku Switzerland nthawi ya Khrisimasi. Anawalonjeza cikondwerero ca alendo ambiri, koma sabata laciwiri anatsala okha okha m'hotela, ndi mwini nyumba wosadziwa Cingelezi. Bwalo la apilo linawapatsa mapaundi 125, pafupifupi kawiri ndalama zimene analipira. Cifukwa cace n'comveka kwa munthu ali yense wolembedwa nchito. Njinga ikakhala yoipa mungathe kuibweza ku sitolo mawa, koma chuti cikaonongeka palibe kapitao amene angakupatseni cina kufikira caka camawa.

Masiku ano ku Britain zinthu izi zinalembedwa m'malamulo a maulendo amene anayamba kugwira nchito pa 1 July 2018, ndipo maiko a European Union ali ndi malamulo ofanana nao. Malamulowa akhudza maulendo amene kampani igulitsa zinthu ziwiri kapena zambiri pamodzi, monga ndeke ndi hotela. Anena kuti kampani ikasintha cinthu cacikulu ulendo usanayambe, iuze wogula msanga ndi momveka, ndipo wogulayo asankhe: alandire kusinthako, kapena alekeretu ulendo popanda kudulidwa kanthu, ndalama zace zonse zibwezedwe pasanathe masiku 14. Akalandira malo ocepa mtengo, kampani imbwezere zotsalazo. Ngati kusintha kwacitika munthu atafika kale, kampani impezere malo ena oyenera popanda kumlipiritsa zoonjezera. Amene muli ndi ana kapena abale ku London ndi ku Manchester amene akugulirani ulendo wotere kumeneko, dziwani kuti malamulo awa ndiwo awateteza.

Kuno kwathu tidalira lamulo la mapangano lija, pamodzi ndi lamulo loteteza ogula limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2010. Lamuloli liletsa wamalonda kunena bodza pa za ubwino wa cinthu kapena nchito imene agulitsa. Linenanso kuti nchito imene munthu walipirira icitike mosamala ndi mwaluso, ndipo ikalephereka wogula abwezeredwe ndalama kapena amcitirenso nchitoyo. Ndiponso liletsa kupacika m'sitolo kapena m'ofesi cikwangwani conena kuti ndalama sizibwezedwa. Zikwangwani zotere mudzaziona ndithu, zina zolembedwa ndi malemba ofiira akulu akulu, koma musaope nazo. Bungwe loyang'anira lamuloli ndilo Competition and Consumer Protection Commission, limene liri ndi maofesi ku Lusaka, ku Kitwe ndi m'zigawo zina.

Tsono pali msampha umodzi. Kuseri kwa pepala limene musaina kumakhala timalemba tating'ono tonena kuti kampani ingathe kusintha zinthu zina. N'zoona kuti zazing'ono ingasinthe, monga kukucotsani m'cipinda ca nambala 12 ndi kukuikani m'ca nambala 14 cofanana naco. Koma kucotsa banja pa hotela ya m'mbali mwa nyanja ndi kuliika m'nyumba ya alendo ya pafupi ndi siteshoni ya mabasi, ine sinditi n'cacing'ono. Cimene ciri cacikulu kwa inu cineneni poyamba, ndipo cilembedwe. Bambo Jackson asanapite analembera kampani kalata yonena zimene anafuna, monga khomo lolumikiza cipinda ca ana ndi ca makolo. Ngati agogo sangathe kukwera masitepe, kapena mwana afuna cakudya capadera, mau a pakamwa okha adzaiwalika tsiku la mlandu.

Foni ija ikalira, musayankhe nthawi yomweyo. Funsani dzina la hotela yatsopano, kumene iri, ndi mtengo wace, ndipo nenani kuti akutumizireni zonsezi m'kalata kapena pa WhatsApp. Mukabvomera, lembani kuti mwabvomera cifukwa cakuti akulonjezani malo ofanana ndi oyamba. Mukakana, lembaninso, ndi kuchula tsiku limene mufuna ndalama zanu. Risiti, kabuku ka zithunzi ndi uthenga wa ndalama zimene munatumiza pa foni, zonsezi sungani.

Mukafika n'kupeza kuti malowo ndi oipa, dandaulani tsiku lomwelo kwa mkulu wa hotela ndi kwa kampani, ndipo jambulani zithunzi. Ife tinaleredwa kuti mlendo sanyoza mphasa imene amuyalira, ndipo mwambo umenewo ndi wabwino pa nyumba ya mbale. Pa hotela munalipira. Munthu amene akhala cete masabata awiri nayamba kudandaula atabwerera ku Mufulira adzafunsidwa kuti, bwanji simunanene kuti tikonze?

Kampani ikakana kukumverani, tengani mapepala anu onse mupite nao ku bungwe lija. Kulinso bwalo la milandu ing'onoing'ono, lochedwa Small Claims Court, ku Lusaka ndi ku Ndola. Kumeneko maloya saloledwa kuimirira munthu, cotero inu ndi mwini kampani mudzaima pamaso pa woweruza, yense nadzilankhulira yekha.