Banja likatha, khoti limayang'ana chiyani pa nkhani ya ana?

Ukwati ukasweka, funso loyamba pabwalo la ankhoswe limakhala lakuti ana ndi a yani. Kumene anthu amatsata chikamwini, monga m'midzi yambiri ya Achewa, Ayao ndi Alomwe, yankho n'lodziwikiratu: ana ndi akuchikazi, mwinimbumba ndi malume awo. Kumene amalowola, monga ku Mzimba kapena ku Nsanje, akuchimuna amangoti tinalowola, ana ndi athu. Nkhani yomweyi ikafika kukhoti funso limasintha. Majisitireti amafuna kudziwa kumene mwanayo akakule bwino.

Gwero lake ndi gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe anakhazikitsidwa mu 1994. Gawoli limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, kaya anabadwira m'banja kaya kunja kwa banja. Mu 2010 aphungu anaonjezeramo mfundo yakuti pa chigamulo chilichonse chokhudza mwana, ubwino wa mwanayo ndiwo uzikhala patsogolo, ndiponso kuti makolo ali ndi udindo womusamalira ngakhale sanakwatirane kapena anasudzulana. Mu 2017 anakonzanso gawoli kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Kale malire anali 16. Mfundo ya ubwino wa mwana ilinso m'pangano la United Nations la maufulu a ana la 1989, lomwe Malawi anavomereza mu 1991.

Koma "ubwino wa mwana" ndi mawu otakasuka, aliyense angathe kuwakokera kwake. N'chifukwa chake lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, lomwe linakhazikitsanso makhoti a ana, linatchula zoti khoti liziunika. Liziganizira msinkhu wa mwana ndi kufunika koti wamng'ono akhale ndi mayi wake. Lizimva maganizo a mwanayo. Lisamalekanitse ana a mimba imodzi popanda chifukwa, ndipo lisamangomuzula mwana pamalo pomwe wazolowera. Apa ndi pomwe ambiri amadabwa: bambo wa galimoto ndi nyumba ya malata angathe kulephera mlandu kwa mayi wogulitsa tomato pamsika, ngati mayiyo ndiye wakhala akumusambitsa mwana, kumuperekeza kusukulu ndi kugona naye kuchipatala. Chuma cha bambo sichitayika ayi, chimamutsata mwana kudzera m'ndalama za chisamaliro. Nayenso mayi asaganize kuti wapambana kale chifukwa ndiye anabereka. Umboni ukaonetsa nkhanza, uchidakwa kapena kulekerera, khoti lingapereke mwana kwa bambo, kwa agogo kapena kwa wachibale wina. Nthawi zina limatuma a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma kuti akaone pakhomo ndi kulemba lipoti.

Kumva maganizo a mwana sikutanthauza kuti mwana ndiye aweruze mlandu. Wa zaka 14 mawu ake amalemera kuposa a wa zaka zisanu, ndipo woweruza wanzeru amazindikira mwana yemwe wachita kuuzidwa zokanena. Ine ndimaona kuti kholo lomwe limaphunzitsa mwana kunyoza kholo linzake pamaso pa khoti ladzichitira lokha umboni woipa.

Pa ndalama za chisamaliro khoti limaona zomwe makolo onse awiri amapeza, ana ena omwe akuwasamalira, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwanayo akukhala. Ndalamazi ndi za mwana. Bambo sangaleke kupereka poti mayi wakwatiwanso, ndipo mayi sayenera kumubisa mwana poti bambo wachedwa kulipira. Wodandaula abwerere kukhoti komweko.

Mlandu womwe unatchukitsa mfundo ya ubwino wa mwana ndi wa woimba wa ku America, Madonna, mu 2009. Khoti lalikulu linamukaniza kutenga mtsikana wina wamasiye kuti akhale mwana wake, ponena kuti woimbayo sanali wokhala m'dziko muno monga lamulo limafunira. Mu June chaka chomwecho khoti la apilo linasintha chigamulocho, ndipo mwa zifukwa zake linatsamira pa ubwino wa mwanayo. Anthu anagawikana, ena akuti ndalama zalankhula. Mlanduwo unaonetsa kuti oweruza awiri angathe kuyang'ana mwana mmodzi, lamulo limodzi, n'kugamula zosiyana.

Ambiri amayambira kwa ankhoswe kapena kwa amfumu, ndipo palibe cholakwika ngati zomwe agwirizana zikumukomera mwana. Zikakanika, kholo, wachibale kapena munthu wina woyenera angathe kukasuma kukhoti la ana kapena la majisitireti lapafupi. Sikokakamiza kukhala ndi loya, ndipo osowa ndalama angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Tengani chiphaso chobadwira kapena buku la kusikelo, malisiti a fizi ndi a kuchipatala. Chigamulo chikaperekedwa sichikhala cha muyaya: mwana akamakula, kapena zinthu zikasintha pakhomo, aliyense mwa makolo angathe kupempha khoti kuti liunikenso.